Kodi "book" wa m'kalasi ndi "book" wa pa siteshoni ya basi ndi mawu amodzi?

Mayi wa ku Kapata, Chipata

Ndikupereka moni kwa nonse. Lachitatu lapitali ndinapita ndi mwana wanga wa giredi 7 kukagula tikiti ya basi yonyamuka mbandakucha kupita ku Lusaka. Mnyamata wa pawindo, atalemba dzina langa m'kabuku ka malisiti n'kundipatsa mpando nambala 23, anati, "Mayi, mwabukitsa." Tili m'njira yobwerera kunyumba, mwanayo anandifunsa chifukwa chake mawu a Chingerezi akuti "book", amene kusukulu amatanthauza chinthu chowerenga, amatanthauzanso kusungitsa malo m'basi, ndipo ine ndinasowa chomuyankha. Ndikupempha odziwa mbiri ya mawu atithandize. Kodi ndi mawu awiri ongofanana kalembedwe, kapena ndi amodzi?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Katete

Mayi, yankho munaliona ndi maso anu pawindo pomwepo, pamene mnyamatayo ankalemba dzina lanu. Mawuwo ndi amodzi, ndipo dzina la chinthu chowerengacho ndilo linabala mneni wa kusungitsa malo. M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo ankalemba "boc", ndipo tanthauzo lake silinali buku la masamba ambiri lokha ayi, komanso chikalata, makamaka chimene mfumu inkalemba popereka malo kwa munthu kapena ku tchalitchi. Malo operekedwa moteremu ankatchedwa "bocland", ndipo mneni wake, "bocian", unkatanthauza kupereka malo mwa chikalata. Ife a kuno sitingavutike kumvetsa zimenezi, pakuti timadziwa kusiyana kwa munda wopatsidwa ndi a nyakwawa pamaso pa mboni ndi puloti yokhala ndi mapepala a boma.

Pambuyo pake mneniwo unayamba kutanthauza kulemba chinthu m'kaundula kuti chisaiwalike. Ku England, sitima za pamtunda zisanabwere, anthu ankayenda maulendo aatali pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo popeza mipando inali yochepa, munthu ankapita ku ofesi kusanafike tsiku la ulendo, kalaliki n'kulemba m'buku lalikulu dzina lake, kumene akupita ndi ndalama zimene walipira. Ofesiyo inkatchedwa "booking office", ndipo makampani a sitima atayamba ntchito m'zaka za m'ma 1800 anatengera dzina lomwelo. Choncho mumuuze mwanayo kuti kubukitsa, poyambirira pake, n'kulembetsa dzina m'buku.

Bambo wa ku Lundazi

Aphunzitsi afotokoza bwino za mneni, ine ndiwonjezereko za kumene dzinalo linachokera. Mawuwa ali ndi abale ake m'zinenero za fuko limodzi ndi Chingerezi: Ajeremani amati "Buch", pamene Adatchi ndi olankhula Chiafirikanzi amati "boek". Kuyambira kale akatswiri ambiri amawalumikiza ndi mtengo wa ku Ulaya wotchedwa "beech", umene Ajeremani amautcha "Buche", poganiza kuti anthu akale ankajoba zilembo pa timatabwa ta mtengowo. Akatswiri ena amatsutsa maganizowa, koma kwa ine amamveka, chifukwa Chilatini nacho chinayenda njira yofanana: "liber" poyamba anali khungwa la mkati la mtengo, kenaka n'kukhala buku, ndipo m'menemo ndimo munachokera mawu akuti laibulale.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti ife tinawabwereka mawuwa kawiri. Choyamba tinatenga dzina, tikuliika "u" kumapeto kuti likhale "buku", n'kulipatsa kuchuluka kwathu, "mabuku", ngakhalenso kachepetsedwe, "kabuku". Mneni tinadzautenga pawokha m'masiteshoni ndi m'nyumba zogona alendo, tikuuveka "-itsa" wathu, ndipo n'chifukwa chake ambiri sitiona msanga kuti "buku" ndi "kubukitsa" ndi a bere limodzi. Mawu akuti "kalata" ndiye anadzera khomo lina, kuchokera ku "carta" wa Chipwitikizi.

Wokonda mpira, Petauke

Pepani akuluakulu, musaiwale za pabwalo la mpira. Woulutsa mpira m'Chingerezi akanena kuti wosewera wachitidwa "booked", ndiye kuti woyimbira walemba dzina lake m'kabuku kam'thumba monga chenjezo. Kulemba mainaku kunayamba kale kadi yachikasu isanabwere, pakuti makadi anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse wa 1970 ku Mexico. Apolisi a maiko olankhula Chingerezi nawonso amagwiritsa ntchito mneni womwewo polemba munthu amene amugwira.

Mayi wa ku Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera mwanayo mayankho anu madzulo ano, ndipo nthawi yomweyo wafunsanso za Facebook. Limeneli ndamuyankha ndekha, kuti dzinalo linatengedwa ku timabuku ta zithunzi ndi maina a ophunzira timene mayunivesite ena a ku America ankagawa kuti anthu adziwane. Tsopano akufuna kudziwa ngati ndidzakhale nditabukitsa ndikadzalipira tikiti yobwerera pa foni, popanda wina wolemba dzina langa ndi cholembera.