Malaibulale athu amawayang'anira ndani?

Mphunzitsi wa ku Kapata: Anzanga, ana anga a giredi 12 amafuna mapepala a mayeso akale, koma kulaibulale amangopeza mabuku othothoka zikuto. Kodi m'Zambia muno malaibulale ali m'manja mwa yani?

Mayi wa ku Katete: Aphunzitsi, ena ali pansi pa Zambia Library Service, yomwe inayamba mu 1962, mu unduna wa maphunziro. Ena ndi a makhonsolo. Aliyense amangoyendera yake.

Mnyamata wa ku Lundazi: Atiikire WiFi basi, mabandulo atimaliza!

Mphunzitsi wa ku Kapata: Iwe, magetsi akathima WiFi yakoyo idzayaka ndi chiyani? Ayambe ndi sola padenga. Kenako kaundula mmodzi pa intaneti, buku likakhala ku Petauke ndizilidziwa ndili konkuno.