Ndikufuna kumanga njanji ya Limbe mpaka Makhanga mu gemu ya sitima, ndiyambire pati?

Mwana_wa_Khonjeni

Abale moni nonse. Ine ndimasewera Trainz 2019 pa kalaputopu kanga kakale, ndipo miyezi itatu yapitayi ndakhala ndikungoyendetsa ma route omwe anthu ena anamanga okha, a ku Scotland, a ku America, ena a ku Australia. Ndi okoma ndithu koma tsiku lina ndikutsetsereka phiri lina ndi mabogi a malasha ndinangoti kodi ine osamanga yakwathu bwanji. Ndinakulira ku Khonjeni, sitima ndinkakwera ndili mwana ndi agogo anga popita ku Limbe kukagulitsa nthochi, malo okhala kunalibe ndiye ndimangokhala pa thumba la chimanga la munthu wina nkumasuzumira pawindo. Ndiye ndikufuna ndimange kuchokera ku Limbe, kudutsa Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani mpaka kutsikira ku Makhanga.

Vuto ndi ili. Ndatsegula Surveyor, chida chomangira ma route mu Trainz, ndayala njanji, koma mapiri ndikukweza ndi mausi ndipo akuoneka ngati mizere ya mbatata kkkk. Njanjinso ikungokwera kutsika ngati msewu wa kabaza, sitima ikamadutsa mabogi akumadumpha. Kodi anzathu aja amatani kuti dziko lizioneka lenileni? Komanso phiri la Mulanje lija limaoneka ukafika cha ku Luchenza ndingaliike bwanji? Thandizeni.

Madala_a_ku_Leeds

Mphwanga wandikumbutsa kutali. Ine zimenezi ndinayamba ndi Microsoft Train Simulator ija ya 2001, editor yake inali yofuna mtima wa m'busa, ndiye ndikuuze zomwe ndinaphunzira ndi misozi.

Choyamba iwala kaye za Limbe mpaka Makhanga. Ndikunena zoona, iwala. Mu Trainz dziko limapangidwa ndi ma baseboard, lililonse ndi mamita 720 mbali zonse. Makilomita 10 okha a njanji akudya ma baseboard 14 kungondondozana, ndipo sungasiye mzere umodzi chifukwa ukayang'ana pawindo uziona dziko latha ngati tebulo, ndiye pamafunika atatu m'lifupi, awo ndi 42 kale. Lililonse uyenera kulipenta dothi, kudzala mitengo, kuika nyumba. Ma route ambiri omwe anthu amayamba ndi changu amafera panjira chifukwa cha zimenezi, njanji yaitali koma m'mbali muli mbee. Ine ndili ndi atatu otero pa hard drive, sindiwatsegulanso, amandichititsa manyazi. Sankha chigawo chimodzi chomwe ukuchidziwa ndi maso ako. Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga cha ku Sandama uko komwe njanji imayenda m'mbali mwa Ruo, tsidya linalo kuli Mozambique, makona ambirimbiri, kumeneko nde kuli kukoma.

Za mapiri usamavutike ndi mausi. Mu February 2000 chombo cha NASA chija Endeavour chinayeza kutalika kwa nthaka pafupifupi dziko lonse ndi radar, deta yake amaitcha SRTM ndipo ndi yaulere, Malawi yense alimo. Yabwino ndi ya 1 arc-second, kutanthauza kuti pali muyezo umodzi pa mamita 30 aliwonse. Kuti ilowe mu Trainz anthu ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa TransDEM, ndi yogula koma imakupangira ma baseboard onse ndi mapiri ake ndi zigwa zake, nkukujambuliranso mapu pansi kuti uzingotsatira poyala njanji. Osewera gemu ina ya Train Simulator Classic iwo amangoponya mafayilo a detayo, otchedwa .hgt, mu foda ya SRTM nkukweza dziko mu editor momwemo.

Koma tamvera apa, pamenepa ndi pomwe ambiri amagwa. SRTM saona njanji. Mamita 30 ndi ambiri, ndiye malo omwe anakumba phiri kuti sitima idutse kapena omwe anaunjika dothi pachigwa saoneka konse, komanso radar ija imagunda pamwamba pa mitengo, pomwe pali nkhalango ya bulugamu nthaka imaoneka yokwera kuposa mmene ilili. Ukangoyala njanji motsatira nthaka ubwereranso ku msewu wako wa kabaza uja. Njanji ndi imene imalamula dothi. Uyambe waika kutalika kwa spline point yoyamba (ma spline point ndi timfundo tomwe umagwira popinda kapena kukweza njanji), kenako uzipereka gradient yofanana pa mtunda wautali, mwachitsanzo 2% kutanthauza kutsika mamita 2 pa mamita 100 aliwonse, njanji ilowe pansi pa phiri kapena iyandame m'malere zilibe kanthu, ukamaliza ndiye ugwiritse smooth spline kuti dothi libwere pomwe pali njanji. Ukatero ma cutting ndi ma embankment, malo okumba ndi ounjika dothi aja, angotuluka okha. Ma spline point asachuluke, anthu amaganiza kuti kona yosalala imafuna ma point ambiri pomwe ndi amene amapindapinda njanji.

Njanji ukufuna kumangayo inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, ndipo anthu aja analibe makina okumbira ngati a masiku ano, nchifukwa chake imazungulira phiri lililonse m'malo moliboola. Usaiwongole iwe pofuna kufulumira.

Chimz_04

aise bwanji osangopita pa Open Rails, ndi yaulere sulipira kalikonse ndipo imayenda bho pa makompyuta ofooka, imawerenga zinthu za MSTS (Microsoft Train Simulator ija) ndipo route umamanga ndi TSRE5 yomwenso ndi yaulere, ine bandulo ndimachita kuwerengera ndiye zoti ndizikadawuniloda ma gigabyte a mitengo ayi ndithu, komanso anthu a ku South Africa anapanga kale masitima ambiri a MSTS ndipo njanji yawo ndi saizi imodzi ndi yathu. chokhacho TSRE5 siyokunyengerera ayi sabata yoyamba uzingotukwana wekha kkkk. ndipo uziseva pafupipafupi ine magetsi anazima nditaika nyumba za mudzi wonse osaseva, batire la laputopu linafa kalekale, ndinangopita kukagona 7 koloko

NaMbewe_pa_Njanji

Achimwene a Khonjeni, musasinthe gemu panopa, zomwe mwaphunzira kale mu Surveyor musazitaye. A Chimz akunena zoona za bandulo koma ponena za kumanga malo okongola Surveyor ndi yofewa kwambiri, mumaona zomwe mukuchita nthawi yomweyo.

Pali chimodzi chomwe a Madala sanatchule, saizi ya njanji. Njanji yomwe mwayalayo ndikukhulupirira ndi ya 1435 mm, ya ku Ulaya ndi America. Yathu ndi 1067 mm, ija amati Cape gauge kapena 3ft 6in. Mukasiya yaikuluyo munthu wodziwa angoona kamodzi nkudziwa kuti si kwathu kuno. Mwayi wake Trainz inabadwira ku Brisbane ku Australia, ndipo njanji zambiri za m'chigawo chake cha Queensland ndi za 1067 mm, chimodzimodzi New Zealand, Tasmania ndi njanji zambiri za ku Japan. Ndiye pa Download Station, malo odawuniloda zinthu za Trainz, lembani 3ft6 kapena QR (za ku Queensland) kapena NZR (za ku New Zealand), mupeza njanji, milatho ndi mabogi okwanira. Musinthiretu panopa musanapite patali.

Tsono za kukongola. Ine ndinayesapo kachigawo ka Balaka ndipo zomwe ndinaona ndi zoti munthu akakhala mu cab amaona kwambiri zinthu zomwe zili pafupi ndi njanji, mamita 100 kapena 200 basi. Kumeneko ndi koika mtima wonse. Dothi likhale lofiira lija la ku Thyolo, osati udzu wobiriwira wa ku England womwe umabwera ndi gemu. Kanjira ka anthu oyenda pansi kotsatira njanji, chifukwa kwathu njanji ndi msewunso. Ng'anjo ya njerwa, mjigo, chigayo, mbuzi ziwiri zitatu, nthochi kuseri kwa nyumba iliyonse, minda ya chimanga yofika mpaka pa miyala ya njanji. Mitengo ya bulugamu musavutike, a ku Australia anaipanga yambirimbiri poti ndi kwawo kwa mtengowo. Nthochi ndi mango fufuzani mu zinthu za ma route a ku India ndi Indonesia. Chomwe simupeza ndi nyumba zathu, ya njerwa zootcha yamalata yokhala ndi khonde, kapena yaudzu. Imeneyo ndinachita kupanga ndekha mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, bokosi chabe ndi denga, kenako ndinajambula khoma la nyumba ya azakhali anga ndi foni nkulimata ngati texture. Inatuluka ndi mthunzi wa ndowa yomwe inali pakhonde, mpaka lero nyumba zonse za m'mudzi mwanga zili ndi mthunzi wa ndowa kkkk.

Mulanje musamange ndi ma baseboard, laputopu yanuyo ipsa. Sapitwa ndi mamita 3002 ndipo phirilo lili patali ndi njanji, ma baseboard ofika kumeneko angakhale mazanamazana opanda ntchito. Pangani backdrop, chithunzi cha phirilo choimika kumapeto kwa dziko lanu. Chijambulidwe tsiku lopanda chiperoni, mudule thambo lonse kuti kutsale phiri lokha.

Ndipo muzilemba ma KUID, manambala ozindikirira chinthu chilichonse mu Trainz, a chilichonse chomwe mwatenga kunja kwa Download Station. Tsiku lomwe mudzatigawire route imeneyi tisadzapeze missing dependencies, zinthu zosowa, 300 nkumayenda m'chipululu.

Dalaivala_Wamkulu

Ine sindimanga, ndimangoyendetsa za anzanga, ndiye pempho langa ndi limodzi. Ukamaliza makilomita awiri oyamba uyendetse mu cab mode, yoyendetsa ngati dalaivala weniweni, osati DCC ija yongopotokola ngati wailesi. DCC imabisa zolakwika zonse. Tenga mabogi 15 odzaza utsike nawo mtsetse wakowo, ukaona liwiro likungokwera kutsika wekha usanagwire kalikonse dziwa kuti gradient yako ili ndi manthumanthu. Potsika yamba ndi dynamic brake, buleki ya ma mota a injini ija, mabuleki a mpweya uziwagwira pang'ono nkuwapatsa nthawi yodzadzanso, ukamangoti gwire siye gwire siye mpweya umatha ndipo ukafika pa kona ya m'mbali mwa Ruo ulowa m'madzi ndi katundu yense. Uikenso zikwangwani za liwiro, ma route ambiri a anthu amaiwala zimenezi ndiye umangoyendera mphuno. Funso langa, ukumanga ya chaka chiti? Chifukwa madzi atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997 sitima sinkadutsanso kupita ku Bangula, ukafuna kudzafika kumeneko mtsogolo ndiye ikhale ya zisanachitike zimenezo.

Mwana_wa_Khonjeni

Zikomo kwambiri nonse, a Madala mwandilanditsa. Ndafufuta zonse zija ndayambiranso, ndatenga Khonjeni mpaka Sandama basi. Njanji ya 3ft6 ndaipeza asisi, ya ku Queensland, ndipo zoona ikuoneka yakwathu nthawi yomweyo. TransDEM ndidikira malipiro a mwezi uno, panopa ndadawuniloda kaye SRTM usiku bandulo yotchipa ija. Chaka ndikufuna cha m'ma 1995 momwe ndinkakwera ndi agogo. Loweruka ndikupita kumudzi ku chinkhoswe cha msuweni wanga ndiye ndikajambula siteshoni, makoma a nyumba ndi Mulanje ngati kukhale kopanda mitambo, ndowa ndikachotsa kaye pakhonde. Asisi NaMbewe, azimayi ogulitsa nthochi ndi chinangwa pawindo la sitima aja munawapeza pa Download Station kapena nawonso ndi a Blender? Anthu omwe ndawapeza ine onse avala majekete a chisanu ndipo anyamula ma briefcase.