Ophunzira akusiya miyezi itatu isanathe: tikonze polemba kapena m'kalasi?

Wosunga kaundula wa ophunzira:
Aphunzitsi anzanga a m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera, tithandizane nzeru. Makalasi a kuwotcherera ndi zomangamanga amadzaza sabata yoyamba, koma miyezi itatu isanathe mabenchi ayamba kuoneka, ndipo oyamba kusowa ndi atsikana. Malo ogona palibe. Akuluakulu akuti tiwonjezere kulengeza kuti tilembe ambiri. Ine ndikuona ngati kutunga madzi ndi dengu. Tiyambire pati?

Mkulu wa maphunziro:
Amayi, musanawonjezere kulengeza, tengani kaundula wa masiku wa chaka chatha ndi chinzake. Pa dzina la aliyense amene anasiya lembani zinthu zinayi: tsiku lomaliza kuoneka, mudzi wochokera ndi mtunda wake, luso limene anapempha poyamba, ndi luso limene anapatsidwa. Ndi ntchito ya masana amodzi. Mayina adzagawikana okha. Ena anasowa m'masabata atatu oyamba: amenewo vuto ndi kalembedwe. Ena anasowa pakati pa Januwale ndi Malichi: imeneyo ndi njala ndi ganyu, kunyumba nkhokwe yatha ndipo mwana wamkulu ndiye wopita kukapalira m'minda ya eni. Ena anasowa nthawi ya atachimenti, pamene ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito ku magalaja ndi m'makampani. Mankhwala a magulu atatuwa ndi osiyana, ndipo chilengezo cha pa wailesi sichichiza ngakhale limodzi.

Kumbukiraninso kuti makolejiwa, kuyambira ija ya Ngara ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2015, anaganiziridwa kuti wophunzira azichokera kwawo m'mawa n'kubwerera madzulo. Mukalemba munthu wa makilomita 30 popanda kufunsa kumene adzagone, mwalemba dzina chabe.

Mphunzitsi wa kuwotcherera:
Ndikugwirizana nanu bwana, koma pa gulu loyambalo ndiwonjezere zimene kaundula sangakuuzeni. Wophunzira watsopano akaima pafupi ndi mnzake amene akuwotcherera, iye alibe chisoti, usiku womwewo maso amatupa n'kumamva ngati muli mchenga. Kupweteka kumayamba patapita maola angapo, ndiye iye sadziwa kuti ndi kuwala kuja. Kunyumba amangomuuza kuti ntchito imeneyi ikuchititsa khungu, usapitenso. Tsiku loyamba lenileni afotokozereni zimenezi, aliyense woyandikira moto avale chisoti cha galasi la nambala 10 kapena 11, ndipo pakati pa malo owotcherera ikani zotchinga, ngakhale za malata akale opaka utoto wakuda.

Chachiwiri ndi zipangizo. Munthu wabwera kudzagwira chitsulo, inu mukumulembetsa manotsi mwezi wathunthu chifukwa ma rodi, ndodo zowotcherera zija, sanabwere. Akaona mnzake wa pa shedi ya kumsika akuwotcherera mafelemu a mawindo n'kumalandira kangachepe, amapita komweko. Werengerani motere: bokosi la makilogalamu 5 la ma rodi a E6013 a 2.5 mm limakhala ndi ma rodi pafupifupi 250. Ophunzira 20, aliyense ma rodi anayi pa tsiku la pulakitiko, bokosi latha m'masiku atatu. Bajeti ya teremu ichokere pamenepo, osati pongoganiza. Zidutswa zophunzirira kapempheni kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndipo ndondomeko ya maphunziro ikhale yotha kutembenuka: magetsi akayaka m'mawa, onse kushopu, za pabolodi zidikire nthawi imene athima.

Mphunzitsi wa zomangamanga:
Kwa ife omanga njira ilipo yosadula. Pophunzirira musagwiritse simenti. Sakanizani laimu ndi mchenga basi. Khoma likayesedwa ndi levulo n'kupatsidwa malikisi, aligumule, apale njerwa, matope aja awasefe, awathire madzi, mawa amangirenso. Njerwa zomwezo zimatha teremu yonse. Simenti isungidwe ya ntchito yeniyeni, monga chimbudzi cha pasukulu ya pulayimale yoyandikana, chimene wophunzira angaloze n'kunena kuti ndinamanga nawo. Aliyense agwire mpeni womangira ndi chingwe sabata yoyamba isanathe.

Wosunga kaundula wa ophunzira:
Zamveka abambo. Nanga amene anapempha zamagetsi koma malo anatha, tinawaika ku zomangamanga? Ndi ambiri ndithu pa mayina amene ndayamba kuwaonawa.

Mkulu wa maphunziro:
Ndiye mwapeza kale bowo limodzi. Pa amene anasankhidwa kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, mukafuna kusintha luso lemberani bungwelo kalata, musangosuntha munthu mwakachetechete, chifukwa dzina lake likadzasemphana ndi la pa mayeso wovutika ndi iyeyo. Pa amene koleji imadzilembera yokha, musamuike munthu ku luso limene sanasankhe musanakhale naye pansi. Masiku atatu oyamba onse azungulire mashopu onse, agwire zida, kenako asayine. Sungani mndandanda wa odikira wokhala ndi manambala a foni awiri pa munthu, yake ndi ya womuyang'anira. Amene sanaoneke pofika tsiku lakhumi, malo ake apite kwa wodikira. Mukachedwa kufika sabata yachisanu, wolowa m'maloyo sangawapezenso anzake, nayenso adzasiya.

Kulengeza kukhalepo, koma kulunjike. Wailesi za m'madera monga Dzimwe, Mudzi Wathu kapena Tuntufye zimafika kumene nyuzi sizifika. Uthengawo unene zonse: fizi, kuti malo ogona palibe, kuti chakudya n'chodzipezera, ndi nthawi imene maphunziro amatenga. Kalata yomweyo ipite kwa magulupu, ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC), kumipingo ndi kumizikiti. Wobwera akudziwa zimenezi sakhumudwa sabata yachiwiri.

Mphunzitsi wa kusoka, woyang'anira atsikana:
Mwalankhula bwino nonse koma nkhani ya atsikana mwaidumpha. Mtsikana mmodzi yekha m'kalasi ya anyamata 19 sakhalitsa. Polemba, yesetsani kuti akhale atatu kapena anayi m'luso limodzi, ndipo pa pulakitiko asasandutsidwe wosesa ndi wotunga madzi anyamata ali pa makina. Ovolosi ndi jombo zogulidwa saizi imodzi yaikulu zimamuuza kuti sanayembekezeredwe: funsani masaizi pa fomu. Chimbudzi cha atsikana chikhale ndi chitseko chotsekeka, madzi ndi ndowa, apo ayi masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse simudzamuona.

Za lendi ndiye zoopsa. Musamusiye mtsikana azidzifunira yekha chipinda kuseri kwa malo omwera mowa. Pitani ndi mfumu mukaone nyumba, mugwirizane mtengo ndi eni ake, atsikana azikhala awiri kapena atatu, ndipo mayi mmodzi wodalirika wa m'mudzimo aziwayendera. Ufa akabwera nawo kuchokera kwawo aziphika pamodzi, umakhalitsa. Akatenga mimba musafufute dzina. Kusukulu za boma mtsikana amaloledwa kubwerera akabereka kuyambira 1993, ife tilekerenji? Lembani pamene wasiyira ndi tsiku loti adzabwere. Wodandaula za mphunzitsi kapena mwini galaja womufunsira adziwe kuti akanena kwa ndani, ndipo munthuyo asakhale mphunzitsi wake yemweyo.

Mphunzitsi wa kuwotcherera:
Achemwali mwakumbutsa za atachimenti. Malo ake afunidwe teremu imodzi nthawi isanakwane, pafupi ndi kwawo kwa wophunzira kapena kwa wachibale. Mukamutumiza ku Lilongwe kapena ku Blantyre opanda pogona, sabata ziwiri wabwerera kumudzi osakuuzani.

Mkulu wa maphunziro:
Amayi a kaundula, poyambira ndi apa. Aphunzitsi aziitana mayina kawiri, m'mawa ndi masana. Wojomba masiku awiri otsatizana aimbiridwe foni tsiku lachitatu. Pa masiku asanu, mphunzitsi wake ndi mtsogoleri wa kalasi apite kunyumba. Fizi ilolezedwe kulipira m'zigawo zitatu, chigawo chachikulu chigwe pambuyo pa kukolola, ndalama ipite ku akaunti ya koleji ndi lisiti, osati pa Mpamba kapena Airtel Money ya mphunzitsi. Lachisanu lililonse mubweretse mndandanda wa ojomba ku msonkhano wa aphunzitsi, mphindi 15 zokha, dzina lililonse lituluke ndi munthu wolitsatira.

Wosunga kaundula wa ophunzira:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kaundula wa zaka ziwirizo, ndipo pa fomu ndiwonjezera mafunso atatu: adzagona kuti, saizi ya jombo, ndi nambala ya womuyang'anira. Abambo a zomangamanga, munditumizire muyeso wa laimu ndi mchenga umene mumagwiritsa, ndikaike mu bajeti Lolemba.