Hatchi yaswa, tsopano yalusa: tithandizane

Wa ku Chigumula: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Hatchi yaikazi yomwe ndimasamala yaswa Lolemba usiku, ndipo ndi mwana wake woyamba. Inali yofatsa moti ana ankaikwera. Pano ndikangofika pakhomo la khola ikugonetsa makutu, mano pamtunda. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kamwana kakafuna kuyamwa, mayi akuponya theche. Nditani?

Wa ku Lunzu: Imangeni chingwe chachifupi, ikayamba matukutuku muikwapule pang'ono. Ikazolowera kuluma simudzaithanso.

Mayi a ku Bvumbwe: Ayi achimwene, chikwapu chisayandikire khola limenelo. Kulusira anthu masiku oyambirira n'chibadwa, ikuteteza mwana, ndipo kumatha pakokha. Koma kumenya mwana wake ndi nkhani ina, nthawi zambiri pamakhala ululu. A ku Chigumula, nsengwa inatuluka nthawi yanji? Imayenera kutuluka pasanathe maola 3. Munaiyala pansi n'kuona ngati inali yathunthu? Kachidutswa kakatsalira m'chiberekero kamawola, thupi limatentha, kenaka matenda amagwira ziboda, hatchi n'kulephera kuponda.

Wa ku Chigumula: Inatuluka msanga mayi, ndipo inali yathunthu. Kamwana kanaimirira bwino, mkaka woyamba wachikasu uja kanayamwanso.

Mayi a ku Bvumbwe: Pamenepo zili bwino. Tsopano iyezeni ndi themometa. Hatchi yabwinobwino imatentha pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Mutukule mlomo muone nkhama: zikatuwa, ikhoza kukhala ikutaya magazi m'kati, musachedwe ngakhale pang'ono. Muonenso ngati ikupalasa pansi kapena kumangocheukira mimba, zomwe zimasonyeza kuti m'mimba mukupweteka.

Madala a ku Chileka: Zonse anenazi n'zoona, koma ine ndiyambira pa bere. Zoswa koyamba bere limathina, kalikonse kokhudza pamenepo kamapweteka. Wina agwire kumutu, inu muime pafupi ndi phewa, dzanja liyende pang'onopang'ono pamimba mpaka pabere. Mumve mbali zonse ziwiri. Kamwana kakhale pomwe mayi akukaona, ndipo inu musaime pakati pawo. Komanso alendo achepe. Anthu akamva kuti hatchi yaswa amabwera ndi mafoni kudzajambula, agalu pambuyo, ndiye mayi angakhazikike bwanji?

Wa ku Chigumula: Madala mwalasa. Kutentha kuli 39.2, nkhama zili bwino. Bere la kumanzere latupa, lalimba ngati mwala, ndi lotentha. Nditakama pang'ono mkaka watuluka wa mibulu. Kumanja ikulola kuti kamwana kayamwe.

Mayi a ku Bvumbwe: Bere limenelo lagwidwa matenda. Itanani dokotala wa ziweto lero lomwe, aonenso chiberekero popeza thupi latentha. Musabaye jakisoni wotsala wa ng'ombe, chonde. Podikira, viikani nsalu yoyera m'madzi ofunda muzithowa, muzikama pang'onopang'ono pafupipafupi.

Wa ku Lunzu: Ndamva, chikwapu chija tichisiye. Nanga kamwana kakhuta ndi bere limodzi?

Madala a ku Chileka: Muzikayang'ana. Kokhuta kamagona tulo, kamakodza pafupipafupi mkodzo woyera. Kanjala kamangozungulira mayi, kenaka kamafooka. Mayiyo apatsidwe madzi ambiri ndi udzu wabwino. Musaiwalenso kuti pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono ayamba kufuna yaimuna, khalidwe lisinthanso kwa masiku ochepa, mwina kamwana n'kutsekula m'mimba pang'ono. Yaimuna muisunthire kutali kukadali pano.

Wa ku Chigumula: Dokotala akuti afika cha m'ma 3 koloko. Yaimuna ndaipititsa kale khola la kumunsi. Zikomo nonse, ndikuuzani mawa m'mene zakhalira.