Nkhokwe ya aJere ndi ngongole ya 18.000

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya aJere tiimalize pompano, Loweruka tikuswa bokosi la gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama ndipo sindikufuna phokoso pamkeka. Anatenga mametikali 15.000 mu Epulo, chiwongoladzanja 10 pa 100 mwezi uliwonse, miyezi iwiri yakwana 18.000. Akuti ndalama alibe, atipatsa nkhokwe ya chimanga. Mtengo tinapangana kale, lata ya malita 20 ndi 300

AJere: Zoona amayi sindikukana ngongole ine. Koma chimanga chili mmenemo chikuposa ngongoleyo kutalitali, mwana wanga wawerengera pafoni akuti muli malata 461, ndiye chenji yanga ikhalepo

Nachisale: Kkkkk 461?? Achimwene nkhokwe yake iti, yomwe ija ili kuseri kwa khola la nkhumba? Mukanakhala ndi malata 461 bwenzi mavenda aku Dedza atagona pakhomo panu ndi lole

Mayi a Fátima: Ine masamu sindiwadziwa koma ndalima chimanga ku Dómuè kuno moyo wanga wonse, nkhokwe imeneyo ngolo zake nzowerengeka

Wapampando: Aphunzitsi mulipo? Munapita kukayeza ndinu

Aphunzitsi: Ndilipo amayi, netiweki ya Movitel imavuta kuno madzulo. Tinazunguliza chingwe pamimba pa nkhokwe chinakwana mamita 4,4. Mukagawa ndi 3,14 mupeza kuti kuchoka khoma ili kufika khoma linalo ndi 1,4. Chimanga kuchoka pansi kufika pomwe chalekezera ndi 1,5. Tsono chinthu chozungulira ngati nkhokwe kapena mgolo timatenga theka la kukamwa kwake, raio ija, apa ndi 0,7. Ndiye 0,7 kuchulukitsa ndi 0,7, kenako ndi 3,14, kenako ndi msinkhu 1,5. Zikutuluka 2,3 ndipo 1 aliyense pamenepo ndi malita 1000, ndiye malita ngati 2300. Gawani ndi 20, malata 115

AJere: Nanga mwana wanga wapeza bwanji 461, ali kalasi 10 ameneyo ku Ulónguè

Aphunzitsi: Waika 1,4 yonse mmalo mwa theka lake. Nambala imeneyo imadzichulukitsa yokha, ndiye ukaiwirikiza kawiri yankho limakula kanayi. Gawani 461 panayi muona, mubwerera pa 115 pomwepo. Mumuuze asadandaule, pamayeso ambiri amagwera pomwepa

AJere: Chabwino 115 yomweyo. Pa 300 ndi 34.500. Chotsani 18.000 mundipatse 16.500 yanga tithane

Nachisale: Taimani kaye bambo inu musathamange. Ine ndine wosunga ndalama ndipo mubokosi simutuluka ngakhale kakobiri. Chimanga chimenecho nchosatonola, chili ndi zitsononkho zake, pakati pa chisononkho ndi chinzake pali mphako zoti khoswe amadutsa osagunda, ndiye mukufuna tigule mphepo pa 300? Lata yomwe tinapangana ndi ya chimanga chotonola chopeta

Aphunzitsi: Apo Nachisale akunena zoona. Masamu anga ayeza malo amkati mwa nkhokwe basi. Chapazitsononkho ukatonola chimatsala pafupifupi theka, ndiye tinene malata 57, ndalama yake 17.100

AJere: Aaa aphunzitsi mwandigulitsa

Mayi a Fátima: Ndiye kuti mmalo molandira chenji atsala ndi ngongole ya 900 kkkk

Nachisale: Ndipo sindinathe. Chingwe chija munazunguliza kunja eti? Nkhokwe ija ndi yomata, nsungwi kuphatikiza dothi ndi zala zitatu kapena zinayi, ndinaiona ndi maso angawa pomwe dothi linagamuka chakumunsi. Dothi limenelo tiliwerengenso ngati chimanga?

Aphunzitsi: Mmm tiyeni tichotse masentimita 5 a khoma. Raio ikhala 0,65 ndiye malita atsika kufika 1990, malata 99, chotonola ngati 49 kapena 50. Mwaona, kakhoma komweko kadya malata 16 achosatonola

AJere: Anthu inu mukundikhaulitsa dala. Chaka chatha Mayi a Fátima anabweza ndi mbatata ya kachewere palibe anabwera ndi chingwe, lero ine mpaka kuyeza dothi. Ndalamazo sindinamwere mowa, ndinalipira aganyu okolola ndi ngolo, zina zinapita kuchipatala mayi akunyumba atadwala nonse mukudziwa

Mayi a Fátima: Musandilowetsemo ine achimwene, mbatata yanga inali mmatumba ndipo tinakagulitsa limodzi pamsika ndalama nkulowa mubokosi tsiku lomwelo

Wapampando: Palibe akukukhaulitsani bambo Jere, za matenda tonse tinazonda. Koma ndalama izi nza anthu 22, ena akudikira zomwezi kuti agule feteleza mitengo isanakwere. Aphunzitsi, nambala yeniyeni ndi iti, 57 kapena 49

Aphunzitsi: Chingwe sichingatiuze ndendende amayi, nkhokwe yolukidwa ndi manja siikhala yofanana pansi ndi pamwamba, komanso theka lija limatengera kukula kwa zitsononkho ndi makoko ngati alipo. Zili pakati pamenepo. Chomwe ndikutsimikiza nchakuti chenji ya 16.500 palibe, ndipo ngongole yonse ikufuna malata 60

Nachisale: Ndiye titonole basi. Komanso anankafumbwe ngati alowamo ine chofumbwa sindilandira

Wapampando: Zamveka. Lachinayi mmawa tonse kwa aJere, aliyense abwere ndi lichero ndi matumba awiri. Tiyeza malata 60, chikatsala ndi chawo, chikaperewera tidula pa masheya awo Loweruka. Wosabwera chindapusa 50

AJere: Ndavomera koma lata ikhale yanga. Ya Nachisale ija ndikuidziwa, anaigula kwa mavenda, pansi pake anapamenya ndi hamala mpaka panatuluka mimba, imadya malita 23 imeneyo

Nachisale: Bodza!! Yanuyo ndiye yophwanyika mmbali

Aphunzitsi: Ndibwera ndi chigubu cha malita 5, tithira madzi kanayi mu lata iliyonse anthu akuona. Yomwe idzadze ndendende ndi imene tigwiritse ntchito

Mayi a Fátima: Nanga yodzadza mosendereza kapena ya mutu?

Wapampando: Yosendereza. Ndipo aJere muphiketu thobwa, anthu 22 satonola ndi njala