Kodi kulipiritsa madzi m'magawo kungatithandize kuno ku chigwa?

Mayi Nambewe, Nchalo:
Ndikupempha odziwa andimasulire njira yolipiritsa madzi a pampopi m'magawo, yomwe malita oyambirira pa mwezi amakhala otsika mtengo, koma munthu akadutsa mulingo winawake mtengo umakwera, akapitirira n'kukweranso. Akuti cholinga chake n'chakuti anthu a m'matauni asamasakaze madzi. Ineyo ndimakhala pa lendi, ndipo pa poloti yathu pali mabanja asanu ndi atatu, mpopi umodzi ndi mita imodzi. Kodi njira imeneyi ingatiteteze kapena ingatipweteke?

Bambo Thole, Ngabu:
Mayi Nambewe, maganizo ake ndi abwino. Ngakhale Shire akudutsa pakhomo pathu, madzi ofika pampopi amadya ndalama: magetsi opopera, mankhwala a klorini, mapaipi ndi malipiro a ogwira ntchito. Taonani Blantyre, komwe madzi ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire yemweyu n'kukankhidwa ndi makina kukwera mtunda wonse uja, kotero kuti bilu ya magetsi imakhala mtolo waukulu. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Southern Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu a madzi ogwira ntchito pansi pa lamulo la 1995. Mtengo ukakhala umodzi kwa aliyense, wothirira kapinga ndi kutsuka galimoto ndi paipi amalipira lita mofanana ndi mayi wotunga ophikira nsima. Magawo amachititsa kuti wosakazayo alipire zambiri, ndipo ndalamazo zimapepukitsa gawo loyamba.

Aphunzitsi Chapo, Chikwawa:
Bambo Thole, zimene mwanenazo n'zoona pa nyumba ya banja limodzi yokhala ndi mita yakeyake, koma funso la mayiwa lagona pena. Mita imawerenga malita, siwerenga anthu. Tiyerekeze kuti gawo lotsika mtengo limathera pa malita 10,000 pa mwezi. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akamagwiritsa ntchito malita 50 patsiku, limathera pa malita 9,000, choncho likhala m'gawo lotsika mwezi wonse. Tsopano titenge poloti ya mabanja asanu ndi atatu, lililonse la anthu asanu. Amenewo ndi anthu 40, ndipo ngakhale aliyense atadzimana n'kumatunga chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku, umene ndi mulingo wochepetsetsa womwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limatchula pa kumwa, kuphika ndi ukhondo, mwezi ukamatha mita idzaonetsa malita 24,000. Gawo lotsika lidzakhala litatha pasanathe masabata awiri. Anthu osamala madzi kuposa aliyense m'taunimo ndi amene adzalipire mtengo wa osakaza, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa ana ambiri amene ndimaphunzitsa amachokera pa mapoloti otere. Njirayi ingakhale yachilungamo pokhapokha gawo loyamba likamakula molingana ndi chiwerengero cha mabanja otunga pa mita imodzi, kapena khomo lililonse likapatsidwa mita yake pa mtengo wopepuka.

Mayi Nasimango, Bangula:
Ine ndimagulitsa madzi pa kiyosiki, ndiye ndiwonjezere zimene ndimaona. Mulingo woyenera ku Zomba kapena ku Mulanje sungakwanire kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, anthu n'kumasamba kawiri katatu ndi kunyowetsa chitenje kuti mwana agone. Kumeneko si kusakaza ayi. Komanso madzi akadula, munthu saleka kuwafuna, amangosintha kotunga. Mijigo yambiri m'chigwa chino ndi yamchere moti sopo sachita thovu, ndiye amayi amagula chigubu chimodzi chakumwa, ochapira ndi otsukira mbale n'kukatunga kumtsinje kapena kudambo, komwe kuli ng'ona. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, m'zaka zomwe anamondwe Ana ndi Freddy anaononganso zitsime ndi zimbudzi zathu. Pempho langa n'lakuti madzi a pa kiyosiki asalowe m'magawo okwera ngakhale mita itathamanga bwanji.

Bambo Thole, Ngabu:
Za makiyosiki ndikugwirizana nanu kwathunthu, mayi. Komabe sindingataye magawo onse chifukwa cha vuto la mita imodzi, poti malo ogona alendo ndi nyumba zamipanda ziyenera kumva kulemera kwa madzi amene zimataya. Mayi Nambewe, yambani ndi izi: usiku wina tsekani mpopi, lembani manambala a pa mita, m'mawa muwerengenso wina asanatunge. Akasintha ndiye kuti paipi ikudontha pansi, ndipo kudonthako kukhoza kukukankhirani m'gawo lokwera. Kenaka pemphani eni poloti akuonetseni bilu yeniyeni, muone ngati ili ndi magawo, ndipo mupite nawo ku ofesi ya madzi mukafunse mtengo woikira mita yachiwiri ndi yachitatu.