Makina akale oyezera dothi okhala ndi americium tiwatumize kuti?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munagwirapo ntchito yomanga misewu. Kuntchito kwathu kuli makina oyezera kulimba kwa dothi amene anasiya kugwira ntchito, ndipo mkati mwake muli cesium-137 ndi americium-241, zinthu zotulutsa cheza choopsa (radiation). Mphamvu ya cesium imatsika ndi theka pakatha zaka 30, koma ya americium imafuna zaka zoposa 430. Sitingangowatsekera m'kontena n'kuwaiwala. Chimene chikundisowetsa tulo ndi anyamata ogula zitsulo zakale: ku Goiânia, ku Brazil, mu 1987 anthu anayi anamwalira makina otayidwa a kuchipatala ataphwanyidwa.

Makinawa anachokera ku America. Kumeneko kuli malo okwirira zinyalala zoterezi otchedwa WIPP, ku New Mexico, mumiyala yamchere mamita oposa 600 pansi pa nthaka, koma lamulo limangolola zochokera ku ntchito zachitetezo za dziko lawolo. Kodi alipo anabwezapo makina otere kwa amene anawapanga? Ndalama yonyamulira analipira ndani? Nanga ku Vaalputs, malo ena okwirira zinyalala zoterezi ku South Africa, amalandira zinyalala za mayiko ena? Ndipo ku AERA, bungwe la boma loyang'anira zinthu zotulutsa cheza choopsa, amafuna mapepala anji kuti makinawa atuluke m'dziko muno?